Tsiku limene a Misomali anakazonda matenda kwa a Lameki

Ku Kaomba mukafunsa za a Lameki Kamphinda, palibe amene angayambe ndi nkhani ya fodya wawo, chonsecho fodya amalima wabwino ndithu, wa bale wamasamba ataliatali. Anthu amangoti, "Oo, aphokoso aja?" n'kukulozerani chigafa cha kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Kale simunkafunika n'komwe kulozeredwa. Munkangotsata kulira kwa gitala, kulira kwake kokhala ngati wina akucheka lata ndi sowo yobuntha, n'kuwapeza atakhala pa mpando wa ndalema pakati pa fodya wopachika, maso atatsinzina, phazi likuponda fumbi.

Matendawa anawatenga mu 1995, ali mnyamata wotchetcha udzu pa sukulu yogonera ya ana a mabwana ku Mtunthama. Panali mphunzitsi wina wa kunja amene masana ankatsegula nyimbo za roko ndi panki m'nyumba mwake. Lameki ankatchetcha pansi pa zenera lomwelo tsiku ndi tsiku, mpaka udzu unatha pakatsala dothi lokhalokha, iye osasiya kugwedeza chikwakwa. Mphunzitsiyo anaona. Pobwerera kwawo, ena anawasiyira nsapato, ena njinga, koma Lameki anam'siyira katoni ya matepi, gitala yamagetsi ndi ka ampulifaya kolowa m'khwapa. Anzake anamuseka kuti wapusa, akanapempha njinga. Iye anasenza katoniyo pamutu mpaka kumudzi osaitula panjira.

Mvula ya chaka chomwecho inadontha pa katoni ija n'kufufuta zolemba zonse za pa matepi. Motero mabandi amene a Lameki awakonda moyo wawo wonse sankawadziwa mayina, anawatcha okha. Panali anyamata a tepi yachikasu, amene gitala yawo inkalira mokoka. Awa ankawalemekeza koma ankati amadzimva kwambiri, nyimbo imodzi mpaka munthu kusoka fodya mulu wonse isanathe. Panali mayi wa tepi yakuda, wa mawu osasa. Ndiye panali anyamata a tepi yofiira. Amenewo ndiye eeh! Nyimbo zawo zinali za mphindi ziwiri basi, zothamanga, zokalipa, ngati anthu akulimbirana malire a munda. A Lameki sankamva mawu ngakhale amodzi, koma ankati, "Awa akunena za ine. Awa anagulitsapo fodya pamtengo wolira."

Tepi yofiirayo inajambulidwa pa shoo, anthu ali khamu. A Lameki sanapiteko ku shoo ya roko chibadwire, koma imeneyo ankaidziwa kuposa amene analipo. Ankadziwa pamene wina amaimba mluzu, pamene woimba amatsokomola, pamene khamu limaphulika. Ndipo chimene ankafuna pa dziko lino chinali chimodzi: kuima pa siteji kamodzi kokha, gitala ili pamimba, pamaso pa anthu amene abwerera phokoso lomwelo. Anayesapo pa ukwati wa mlamu wawo. Anawalola nyimbo imodzi, koma isanafike pakati ankhoswe anakazula waya ku batire, anthu n'kuomba m'manja kuombera ankhoswewo.

Akazi awo, mayi Anastasia, ndiye musanene. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'banja, sanakhudzepo gitala ija kupatula poisuntha kuti asese. Nyimbozo ankazitcha "chiwawa chanu". Tsiku lina tepi yachikasu itatafunidwa ndi wailesi, iwo anasolola kachingwe kake konse n'kukakunga pa nazale kuti kaziopseza nkhuku. A Lameki anakhala masiku awiri osawayankhula. Mayi Anastasia anati masiku awiri amenewo ndi amene anapumako makutu.

Ndiye taonani mmene dziko lilili lopanda chilungamo.

Chaka chatha mwana wawo Feliya, amene akuphunzira unamwino ku Lilongwe, anawajambula bambo akewo pa foni akuimba m'chigafa. Kanemayo anayenda mpaka kufika kwa achinyamata atatu a mumzinda amene ali ndi bandi ya panki yotchedwa Misomali. Mu February atatuwo anatulukira pakhomo pa minibasi yakutha. Mtsogoleri wawo anali mtsikana, Yankho, wometa mbali imodzi ya mutu n'kusiya inayo. Panali Kelvin wa ng'oma, buluku long'ambika m'mawondo mwadala, ndi Grey wa gitala, amene tsiku lonse sanatulutse mawu. A Lameki anatukumuka. Anavala jekete dzuwa likuswa mtengo, anatulutsa katoni, n'kuika tepi yofiira.

Isanathe ndi mphindi yomwe, Yankho anatchula dzina la bandiyo, n'kuwonjeza kuti inatha iye asanabadwe. A Lameki zinawanyansa. Zaka zonsezi anyamata ajawa anali awo okha, lero kamtsikana kangobwera n'kuwatchula dzina ngati anzake a ku sukulu? Dzinalo analilola lilowe khutu ili n'kutulukira linalo. Kenako anakoleka gitala n'kuimba ndi mtima wonse, thukuta kamukamu. Anawo anaomba m'manja mwaulemu, mmene timaombera akulu a mpingo akamaliza zolengeza.

Nthawi yomweyo mbuzi za aneba zinalowa pa ufa umene mayi Anastasia anayanika pa mkeka. Mayiwo anatuluka m'khitchini ndi beseni la lata m'manja, akulimenya ndi mthiko, akukuwa mawu omveka mpaka kudambo:

"Chokani! Chokani, mbuzi za eni! Ndinalima ndekha, ndinakonola ndekha, lero mudye ndinu? Mwini wanu wagona, ine ndili maso! Chokaniii!"

Kelvin anayamba kumenya mawondo ake motsata beseni. Yankho anaimirira, foni ili m'mwamba, pakamwa yasa. Mbuzi zitathawa, mtsikanayo anapita kukagwada pamaso pa mayiwo.

"Amayi, mawu amenewa takhala tikuwafuna zaka zitatu. Mungabwerezenso?"

"Ndibwereze chiyani? Mbuzi zapita."

"Tikufuna mudzaimbe nafe. Tili ndi shoo ku Lifupa, mu paki ya nyama, pafupi ndi damu, Loweruka lomaliza la March masana."

A Lameki anaseka, kuyembekeza kuti ena asekenso. Anaseka okha.

Nsanje ndi chinthu chochititsa manyazi, abale, makamaka kuchitira nsanje munthu amene umagona naye chipinda chimodzi. Koma a Lameki inawagwira, ndipo inawagwira zenizeni. Foni yapakhomopo inali yawo, ndiye ikalira ankaithamangira, n'kumva Yankho akuti, "Bambo, muli bwanji? Tingayankhuleko ndi amayi?" Iwo ankaipereka ndi dzanja lolimba ngati akupereka msonkho. Anawo anabweranso kawiri kudzayeserera, ndipo maulendo onse awiri a Lameki anapeza chochita kumunda. Ali kumeneko ankamva ng'oma ndi mawu a akazi awo zikuwoloka mizere ya fodya. Chowawa kwambiri n'chakuti zinkamveka bwino. Zinkamveka ngati tepi yofiira.

"Munthu wosadziwa n'komwe kuti gitala ili ndi nsambo zingati!" ankang'ung'udza akuthyola masamba. "Wokungira nkhuku tepi yanga! Ine zala zinachita zikang'a zaka makumi atatu, wina angokalipira mbuzi basi walowa m'bandi?"

Ku chigayo anthu anayamba kuwapatsa moni wachilendo. "Muli bwanji amuna a oimba?" Chithunzi cha shoo chitabwera pa foni, panalembedwa kuti Misomali pamodzi ndi Mayi Anastasia a ku Kaomba. A Lameki anachikulitsa ndi zala, kufufuza mpaka m'makona. Dzina lawo panalibe. Kuyambira pamenepo nkhani ya Lifupa inakhala yoletsedwa m'nyumba. Mayi akangoti, "Bambo a Feliya, za Loweruka lija," iwo ankadzuka n'kuti, "Za kukuwa kwanuko musandiuze ine," n'kutuluka.

Lachisanu madzulo kunabwera uthenga wa Yankho: minibasi idzaima pa mphambano ya kuchigayo 9 koloko m'mawa. A Lameki anauwerenga katatu ali kuseri kwa nkhokwe. Kenako analowa m'khitchini.

"Mayi a Feliya, ana aja atumiza uthenga. Ati shoo ija aisuntha. Mvula yaononga msewu wa kupaki."

Mayiwo anasiya kupala mbatata. "Aisunthira liti?"

"Sananene."

"Oo. Chabwino."

Anapitiriza kupala mbatata. Koma a Lameki anawaona akuchotsa pa chingwe diresi yatsopano imene anasoketsa kwa telala, n'kuipinda bwinobwino kuibwezera m'sutikesi. Mtima unawalasa pang'ono, ndisaname. Koma anadziuza kuti mkazi wa mpingo zimenezi sizimuyenera, akumupulumutsa ku miseche. Munthu akafuna kuchita choipa zifukwa sizisowa.

M'mawa mwake anamanga gitala ndi ampulifaya pa njinga, n'kunena kuti akukakonzetsa kwa amakanika ku boma. Mayi Anastasia anali atakhala kale m'chigafa ndi mulu wa fodya wothyola dzulo lake, singano yaitali m'manja. Sanadzutse mutu.

Pa mphambano minibasi inali itafika kale. Yankho anasuzumira kumbuyo kwa njinga.

"Amayi ali kuti?"

"Adwala," anatero a Lameki, nkhope ataikonza kuyambira kunyumba. "Malungo. Thupi lonse moto. Koma ati musadandaule, ndikawaimirire ineyo."

M'mutu mwawo nkhaniyi inali itatha kale: anawo ati pepani, atsegula chitseko, ulendo wa ku Lifupa. Ankaganiza kuti munthu wometa mbali imodzi ya mutu sadziwa mwambo. Apo ndiye analakwitsa. Yankho anali mwana wa mayi wa Mvano, Kelvin mwana wa katekisiti. Mabuluku okha ndiwo anali ong'ambika.

"Mayo ine, amayi athu!" anatero Yankho. "Kelvin, thamanga pa golosale, ugule buledi, shuga ndi sobo. Sitingadutse pakhomo pali matenda."

"Ayi, ayi, musavutike. Agona."

"Tingowaona nkhope basi."

"Nthawi yatha, ana inu. Ku Lifupa n'kutali."

"Bambo, amayi anga atamva kuti ndinadutsa osazonda, angandikane. Kwerani, njingayo tiika pamwamba."

Makilomita atatu amenewo a Lameki anawayenda atakhala kutsogolo, gitala ili pakati pa miyendo, akupemphera kuposa mmene anapemphererapo m'tchalitchi. Ankapempha kuti akazi awo akhale atapita ku mjigo, kapena kwa achemwali awo, kapena kuti tayala liphulike. Tayala silinaphulike, ngakhale linali lopanda mano.

Anapeza akazi awo ali pomwe anawasiya, athanzi ngati ng'ombe ya pangolo, mikono ili bii ndi utomoni wa fodya, atasoka kale theka la mulu. Mayi Anastasia anayang'ana minibasi. Anayang'ana amuna awo akutsika ndi gitala imene inkayenera kukhala kwa amakanika. Anayang'ana Kelvin ndi buledi m'manja. Yankho anathamanga n'kugwada pafupi nawo.

"Amayi, pepani ndi matenda. Bambo atiuza pa mphambano. Koma mukugwiriranji ntchito muli ndi malungo? Shoo ndi shoo, ife tikaimba lero, koma moyo wanu ndiwo waukulu."

A Lameki anaima pafupi ndi mzati wa chigafa. Akazi awo anawayang'ana nthawi yaitali, osaphethira. Iwo ankadikira mawu aja, omwe aja a mbuzi, kuti awagwere pamutu pamaso pa alendo, ndipo kunena zoona akanawalandira mokondwa.

Mayi Anastasia anaika singano pansi. Anagwira pachipumi. Kenako anatsokomola kawiri, kachifuwa kouma kochita kupanga.

"Zikomo, mwana wanga," anatero ndi mawu otsika amene a Lameki anali asanawamvepo. "Ndimati ndisokeko pang'ono, fodyayu angaole. Koma mutuwu ukundilemera."

Koma akazi ena ali ndi ulemu woopsa! Anawo anawagwira mikono uku ndi uku, kuwatsogolera pakhonde, n'kuwagoneka pa mphasa. Yankho anawamanga duku pamutu. Grey, mnyamata wosayankhula uja, anavula chipewa n'kuyamba pemphero, ndipo linali pemphero lalitali losasiya kanthu: anapempherera odwala, anapempherera fodya, anapempherera bambo a m'nyumba muno kuti Mulungu awapatse mphamvu zodwazika. Pomwe ankati ameni, azimayi a nyumba zoyandikana anali atadzaza pabwalo, poti minibasi siima pakhomo popanda nkhani.

"Anastasia wadwala? Nanga osatiuza bwanji?"

"Ndiye abambowa gitala anyamuliranji? Mkazi ali gone, inu ulendo wa kudansi?"

Chochititsa manyazi n'chakuti ngakhale pamenepo, mtima wa a Lameki unali udakali pa siteji. Anayang'ana dzuwa, n'kuyandikira kwa Yankho.

"Tiyeni tsopano, ana inu. Azimayiwa awayang'anira."

Yankho anawayang'ana modabwa. "Ayi bambo, inu khalani. Tingawalande bwanji amayi wowadwazika? Anthu angatione bwanji?" Anapukusa mutu wake wometa theka uja mwachisoni. "Zangovuta basi. Tinakonza bwino kwambiri. Nyimbo zitatu zija tingozichotsa."

"Nyimbo zitatu ziti?"

"Zanu ndi amayi. Paja anatiuza tsiku loyamba lomwe kuti iwo saimba ngati gitala sikhala yanu. Ati phokoso limeneli mwini wake ndinu, iwo anangolizolowera. Grey anavomera kukhala pansi nyimbo zitatu kuti inu muime kutsogolo. Pachithunzi sitinakulembeni dala, timafuna tikakutchuleni pa siteji pomwepo." Anatembenukira ku mphasa. "Amayi, simunawauze?"

"Ndinayesa," anatero mayi Anastasia, maso ali kudenga. "Amakhala otanganidwa."

Minibasi inanyamuka 10 koloko itadutsa. A Lameki anaiyang'ana ikugwedezeka m'mabampu mpaka inakhota pa mitengo ya bulugamu. Njinga yawo anaitsitsa n'kuitsamiritsa pa nkhokwe, gitala anaiika bwinobwino pakhonde. Azimayi aja anakhalako pang'ono, kupereka malangizo a mankhwala, wina kuwauza a Lameki kuti aphike phala la madzimadzi, kenako anabalalika mmodzimmodzi.

Patatsala awiri, a Lameki anagwada m'mbali mwa mphasa.

"Mayi a Feliya, dzukani. Anthu apita."

"Ndikudwala."

"Ndalakwa ine. Tamverani."

"Ndikudwala malungo, mwanena ndinu. Mudzi wonse wamva. Mukufuna ndidzuke kuti anthu adziwe kuti amuna anga ndi abodza?" Anatembenukira kukhoma. "Fodya uyo akudikira. Singano ili pomwe ndaisiya."

Anadwala masiku anayi athunthu. Sanakalipe, sanalire, sanafunse chifukwa. A Lameki anasoka fodya okha, anatunga madzi ku mjigo azimayi akuwaseka chamumtima, anaphika phala lamibulu limene odwala analidya osadandaula. Mbuzi za aneba zinabwera Lolemba n'kudya nyemba zoyanika, mayi ali chigonere akuziyang'ana, osatulutsa mawu. A Lameki anazithamangitsa okha ndi chibuluma, n'kuphonya.

Lachiwiri masana foni inalira. Anali kanema wochokera kwa Yankho. A Lameki anakhala pa mwala pafupi ndi khonde, anatsitsa mawu, n'kutsegula. Anaona siteji ya matabwa, madzi a damu kumbuyo kwake, ndi anthu ambiri kuposa amene ankayembekeza, achinyamata akudumphadumpha fumbi lili kobo. Nyimbo itatha, Yankho anagwira maikolofoni.

"Lero timayenera kukhala ndi alendo awiri ochokera ku Kaomba," anatero. "Amayi Anastasia adwala, tiwapempherere. Koma ndikufuna mumve za amuna awo. Bambo amenewa aimba roko m'chigafa cha fodya zaka makumi atatu, popanda wowaombera m'manja. Lero linali tsiku lawo loyamba kukwera siteji. Asiya zonsezo kuti akhale pambali pa akazi awo. Amuna otere alipo angati? Dzina lawo ndi a Lameki Kamphinda!"

Khamu linayamba kukuwa, Kelvin akumenya ng'oma motsatira. "A Lameki! A Lameki! A Lameki!"

Iwo anaphimba foni ndi chikhatho, koma mawuwo ankatulukabe m'mipata ya zala. Pa mphasa paja mayi Anastasia anadzutsa mutu, n'kutsamira chigongono.

"Kwezani, bambo a Feliya, ndimve nawo," anatero. "Akukutchulani. Si zimene munkafuna?"